Zigoba za Nkhono pa Zilumba za Nyanja ya Malawi

Ambiri mwa inu amene mumakhala mu Garden ndi m'makomboni ena a Lusaka muli ndi abale ku Malawi, ndipo ena mumapita kukawaona pa tchuthi. Nkhani yathu ya lero ndi ya malo amene mlendo angafikeko pa ulendo wotere, ndiwo timagombe ta pa zilumba za Nyanja ya Malawi, pamene munthu amaponda zigoba za nkhono zosakanizika ndi mchenga. Tiona kumene zigobazo zimachokera, ndiponso chimene zimamuphunzitsa munthu asanalowe m'madzi.

Mukakwera basi ku Lusaka mumatsata msewu wa Great East, kuwoloka Luangwa, kufika ku Chipata, ndi kulowa m'Malawi pa malire a Mwami. Kuchokera ku Lilongwe mumalunjika ku Monkey Bay, m'boma la Mangochi, kenaka ku mudzi wa asodzi wa Chembe, pa Cape Maclear. Mukaima pa mchenga wa Chembe mumaona zilumba zitatu: Thumbi pafupi, Domwe cha kudzanja lamanja, ndi Mumbo patali pa makilomita ngati 10. Zonsezi zili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi.

Zilumbazi ndi za miyala ikuluikulu ndi mitengo, ndipo kawirikawiri mumamva kulira kwa nkhwazi, mbalame yomwe ija ili pa mbendera yathu. Koma pakati pa miyalayo pali tinjira ta madzi tothera pa kagombe kakang'ono, kokwana mwina mabwato awiri kapena atatu. Nkhono zikafa pansi pa nyanja, mafunde amakankha zigoba zake pang'onopang'ono kufikira zitatsakamira pa malo obisika otere.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho khalani pansi, mutole zigoba zingapo, muziyang'anitsitse. Pa mitundu ya nkhono za m'nyanjayi tikambapo itatu. Choyamba ndi chigoba chachikulu ndi cholimba, chimene chingafike pa msinkhu wa dzira la nkhuku. Akatswiri amaitcha nkhono yake Lanistes nyassanus, ndipo sipezeka kwina kulikonse koma m'nyanja imeneyi. Chigoba chake sichitha ntchito mwini wake akafa, pakuti pali kansomba kamene kamachisandutsa nyumba, n'kumathawiramo adani akafika. Chachiwiri ndi chigoba chachitali ndi chosongoka ngati kanyanga, cha nkhono zotchedwa Melanoides. Chachitatu ndi chaching'ono, chopepuka, chonga nyemba. Mukachigwira nsonga itaima m'mwamba, khomo lake likuyang'ana kwa inu, khomolo limakhala kudzanja lamanzere. Iyi ndiyo nkhono ya Bulinus, ndipo ndi imene tiyenera kuidziwa bwino, chifukwa ndiyo imalera tizilombo ta likodzo.

Likodzo limayenda motere. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi za matendawa amaswa, ndipo tiana take timalowa m'thupi la nkhono. M'menemo timaswana, ndipo patapita mwezi umodzi kapena kupitirirapo timatuluka tambirimbiri, tosaoneka ndi maso. Tikapeza munthu akusamba, akuchapa kapena akukoka khoka, timaboola khungu lake, ndipo tikakhwima timakakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo. Patapita miyezi iwiri kapena itatu munthu amayamba kukodza magazi. Nyongolotsi zimenezi anazitulukira ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mumzinda wa Cairo mu 1851. Dziwani kuti chigoba chouma cha pa gombe chilibe matenda. Choopsa ndi madzi amene muli nkhono zamoyo.

Kale likodzo linkadziwika ngati matenda a m'mabango ndi m'madzi odekha a m'mphepete. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 linachuluka pa Cape Maclear, ngakhale pa mchenga woyera. Akatswiri, mwa iwo Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, anaona kuti nsomba zodya nkhono, monga Trematocranus placodon imene imaphwanya zigoba ndi mano a kummero, zinachepa kwambiri m'madzi osaya. Chimene chinazichepetsa ndi usodzi wopyola muyeso, makamaka wa maukonde a maso ang'onoang'ono amene amakokolola ndi tiana tomwe. Adani ake atachepa, nkhono ya Bulinus nyassanus, imene imakhala pa mchenga, inachuluka. Motero ukonde wa msodzi unafika pokhudza thanzi la mwana wosamba pa gombe.

Tsono mlendo achite chiyani? Pewani kusamba pafupi ndi midzi, m'mabango ndi m'madzi odekha. Pa zilumba zopanda midzi, pamene pali miyala ndi mafunde, ngozi ndi yochepa, koma sitinganene kuti palibiretu. Musakodze m'madzi. Ngati mwasamba m'nyanja, pitani ku chipatala pakapita miyezi iwiri kapena itatu kuti akakuyezeni, ngakhale musakumva kupweteka kulikonse. Mankhwala ake, otchedwa praziquantel, amachiza bwino, koma likodzo lolekerera kwa zaka limawononga chikhodzodzo ndi impso. Ndipo zigoba zimene mwatola zibwezeni pamene munazipeza, pakuti muli m'paki.

Phunziro limeneli si la apaulendo okha. Nkhono za Bulinus ziliponso m'mitsinje, m'madambo ndi m'madamu a kuno ku Zambia. Inu makolo a mu Garden, ana anu akamasewera m'madzi oima kapena mumtsinje wa Ngwerere, aletseni ndi kuwauza chifukwa chake. Mwana akakodza magazi musati ndi chizindikiro cha kukula. Ndi matenda, ndipo mupite naye ku kiliniki msanga.