MALUWA A M'NJIRA YA KU GOLOMOTI

Mau olalikidwa pa Mateyu 6:28-30

M'ndime imene tawerengayi Yesu alamula ophunzira ace kuti ayang'anitse maluwa. Lamuloli tiliyesa laling'ono, ndipo ambiri a ife sitinalisunge konse. Munthu wa kwathu kuno akaona mtengo afunsa ngati zipatso zace zidyedwa, kapena ngati uyenera mpini wa khasu. Koma za duwa lace ati nza ana. Inenso ndinali wotero kufikira ulendo wina wa mwezi wa October, umene ndifuna kukusimbirani.

Tinacokera ku mapiri a Dedza kutsikira ku Golomoti kukacezera mipingo ya kucigwa, ine ndi mphunzitsi wina wokalamba, bwenzi langa la zaka zambiri. Koma masiku amenewo ubwenzi wathu unali utazirala, pakuti tinatsutsana pa msonkhano wa akulu za ndalama za denga la nyumba yopemphereramo, ndipo ine ndinalankhula mau olasa. Tinayenda mtunda waukuru osanena kanthu. Dzuwa linalikuswa mtengo, thengo lonse liri bii ndi lupsa.

Tisanayambe kutsika iye anaima, nati, Abusa, tapenyani muwale uwo. Ndinakweza maso, ndipo taonani, mtengo wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, koma nsonga zonse za nthambi zace ziri psuu ngati makala a moto. Muwale uyoyola masamba m'cilimwe, nucita maluwa mvula isanagwe, ndi mphamvu imene unasunga m'thunthu ndi m'mizu nyengo ya dzinja. Pa maluwawo panali timbalame ta milomo yaitali yopindika, tirikumwa madzi otsekemera a m'katimo. Mphunzitsiyo anandifotokozera kuti pakumwapo mungu umamatira kumutu kwa kambalame, ndipo iko kautengera ku duwa lina. Ndimo mmene mtengo upezera mbeu zace zofiira zija zimene ana atunga mikanda.

Madzulo tinafika kucigwa kumene kuli milambe. Kodi alipo angati pano amene anadya malambe kuyambira ubwana wao, koma duwa la mlambe sanalione? Sindikudzudzulani, pakuti litseguka dzuwa litalowa. Ndilo lalikuru, loyera, lolendewera pansi pa phesi lalitali, ndipo pfungo lace silikoma kwa munthu. Likoma kwa mileme ndi agulugufe a usiku, ndiwo amene atenga mungu wace mumdima, ife tiri m'tulo. Tsiku lotsatalo duwa lifota, lisanduka lofiirira, niligwa. Mtengo wokhala zaka mazana ambiri upatsidwa duwa la usiku umodzi.

Maluwa a ku Galileya amene Yesu analozera nawonso sakhalitsa. Aphuka itatha mvula ya nyengo yozizira, m'miyezi ya February, March ndi April, ndipo kukatentha auma, akazi nawasonkhezera pamoto pamodzi ndi udzu. Komatu Ambuye anena kuti zobvala za Solomo sizinafikeko. Ngati Mulungu asamala cotere kanthu kakutha mawa, sadzaleka inu amene Mwana wace anakuferani. Ici ndico ciphunzitso coyamba, ndipo mucidziwa kale.

Cimene ndinaphunzira ine usiku uja ncina. Mlengi sanapange muwale kuti udzikwanire wokha, kapena mlambe ndi ukuru wace wonse. Ciri conse anaciikira mnzace, ndipo mnzaceyo kawiri kawiri ndiye wonyozeka, monga mleme umene tiuingitsa m'nyumba zathu. Tsono ndinadzifunsa, Ndikadayenda ndekha, muwale uja ndikadauona kodi? Iai, maso anga anali pansi, kuwerenga zolakwa za mbale wanga. Anandionetsa ndi yemweyo amene ndinamlasa. Davide pothawa Sauli m'cipululu ca Zifi sanadzilimbitse yekha, koma Jonatani anamlondola komweko namlimbitsa mwa Mulungu, monga muwerenga pa 1 Samueli 23.

Patsinde pa mlambe ndinati, Aphunzitsi, ndinakulakwirani pa msonkhano paja. Iye anaseka, nati anali kuyembekeza mau amenewo kuyambira ku Dedza, ndipo akadapanda kuwamva, akadandionetsa mitengo yonse kufikira kunyanja.

Ndidziwa kuti mumpingo muno alimo akulu awiri kapena atatu amene akhala pa Gome la Ambuye mbali imodzi, koma njira ya kumudzi ayenda padera. Sindichula maina. Ndipempha kuti potuluka lero mupite njira imodzi. Ndipo inu aphunzitsi a m'midzi ya kucigwa, milambe ikayamba maluwa mwezi uno ndi wa mawa, tengani ana a sukulu tsiku limodzi madzulo, mukakhale nao patsinde kufikira duwa litatseguka.