KUYESA GASI WA M'MAKINA OZIZIRITSA

Mwezi wa October ukafika ku Chadiza, dzuwa limaomba kolimba ndipo pfumbi limalowa pali ponse. Ndiyo nyengo imene makina oziziritsa amagwira nchito yaikuru koposa, kaya ndi oziziritsa zipinda za maofesi pa boma, kaya mafiriji amene anthu a kumigodi amagulira abale ao a magolosale, kaya a m'zipatala za kumidzi osungiramo katemera. Katemera wambiri ayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akafunda mphamvu yace imacepa, ndipo mwana wobayidwa angatsale wosatetezedwa.

Makina akaleka kuzizira, mau oyamba a anthu ambiri ndi akuti, "Gasi watha." Koma gasi ameneyu satha monga parafini wa m'nyali ai. Iye amangozungulira m'mipope yotsekeka. Kompresa imampanikiza, nasanduka madzi pamene ataya kutentha kwace kunja. Akalowa m'kati asandukanso mpweya, natenga kutentha kwa m'cipindamo. Tsono gasi akacepa ndiye kuti pena pace pabooka, ndipo kuthira wina osatseka pobookapo kuli ngati kutungira madzi mu mtsuko wong'aluka.

Cifukwa cace mmisiri wodziwa nchito sathamangira botolo la gasi. Poyamba amatsuka sefa ndi tizitsulo topyapyala ta kunja, pakuti pfumbi likatseka njira ya mphepo makina amafooka ngakhale gasi ali wokwana. Atatero amawayatsa, nayembekeza mphindi ngati 15. Pa makina oziziritsa cipinda, mpope waukuru wobwerera ku kompresa uyenera kukhala wozizira ndi wa mame. Ukakhala wofunda, kapena madzi akaundana pa mipope kompresa nkumalira kosapuma, pali bvuto. Pamenepo amayang'ana molumikizira mipope, cifukwa gasi pothawa amasiya dontho la mafuta. Akapakapo madzi a sopo thobvu nkumafufuma, pobooka papezeka.

Komabe dzanja ndi maso sizikwanira. Mmisiri amalumikiza geji ya nkhope ziwiri zonga mawoci, yabuluu ku mbali yopanikizika pang'ono, yofiira ku mbali yopanikizika kwambiri. Muvi wa nkhope yabuluu umamuuza madigiri amene gasi akuwirira m'katimo, ndipo iye amalinganiza cimeneci ndi kutentha kwa mpope waukuru uja. Mpope ukakhala wofunda kopitirira kwambiri, kawiri-kawiri gasi ndi wocepa. Ziwirizi zikafanana, angakhale wocuruka. Kucuruka nakonso nkoopsya, pakuti gasi amafika ku kompresa akali madzi, ndipo kompresa siingathe kupanikiza madzi. Imaonongeka, ndipo mtengo wace uposa wa gasi kutali.

Njira yotsimikizika kweni-kweni ndiyo sikelo. Makina ali onse ali ndi cikwangwani conena mtundu wa gasi ndi kulemera kwace. Mmisiri amakokera gasi wotsala m'botolo, natseka pobooka, nacotsa mphepo ndi cinyontho ndi pampu, ndipo pomariza amathira gasi poyesa pa sikelo. Izi zifunika koposa pa mafiriji a m'nyumba a gasi wa R-600a, amene sapitirira magalamu 150, kotero kuti kulakwitsa pang'ono kumaononga nchito yonse. Gasi ameneyu amayaka, motero fodya ndi moto zisayandikire. Mitundu ya gasi siisakanizidwa, ndipo wina salowa m'malo mwa mnzace mwacisawawa.

Gasi wotayika saononga thumba la mwini makina lokha. Mu 1987 maiko anapangana ku Montreal kuleka magasi oononga ozoni, cophimba ca kumwamba cimene cimacepetsa ukali wa dzuwa, ndipo Zambia ali m'panganoli. Gasi wakale wa R-12 analetsedwa m'maiko onga Zambia mu 2010, ndipo R-22 akucepetsedwa pang'ono-pang'ono.

Tsono mwini golosale kapena woyang'anira cipatala asanalipire, ayenera kufunsa mafunso atatu: pobooka panali pati, gasi wothiridwa ndi wa mtundu wanji, ndipo ndi magalamu angati. Mmisiri woona amayankha mosabvuta, ngakhale nchito yace imatenga nthawi. Paja akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.