Anagamula kuti alipire ndi nyimbo: mlandu wa ukwati wa Marvin Gaye

Kwathu kuno ukwati ukavuta, nkhani imayamba ndi ankhoswe. Ankhoswe akalephera imapita kwa a mfumu, ndipo ikakanika kumeneko ndiye anthu amakwera njinga kupita ku tribunale ku boma la distrito. Chigamulo chimakhala cha mbuzi, nkhokwe, malata a nyumba, ndi amene atenge ana. Koma awerengi athu a ku Ulongwe, Tsangano, Furancungo ndi Zóbuè, kodi munamvapo bwalo likuvomereza kuti mwamuna alipire mkazi wake ndi nyimbo? Zinachitika ku America m'chaka cha 1977, ndipo mwamunayo anali Marvin Gaye, yemwe uja anaimba "Sexual Healing" imene ambiri munaimva pa wailesi kapena mu kantina osadziwa mwini wake.

Marvin Gaye anabadwa pa 2 Abril 1939 mu mzinda wa Washington. Bambo ake anali mbusa wa mpingo, munthu waukali wosachedwa kutenga lamba. Mnyamatayo anaphunzira kuimba m'tchalitchi, ndipo atakula anakapezeka ku Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto, kumene munthu wina wakuda dzina lake Berry Gordy anali atayamba kampani ya nyimbo yotchedwa Motown. Poyamba Marvin ankangoimbira anzake ng'oma. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi mai Anna Gordy, mlongo wake wa mwini kampaniyo.

Mai Anna anabadwa mu 1922. Werengani nokha: anali wamkulu kwa Marvin ndi zaka 17. Sanali mkazi wongokhala pakhomo ai. Anali kale pa malonda a nyimbo, kampani ina yaing'ono ya zimbale inkatchedwa ndi dzina lawo, ndipo ankadziwa kupeka nyimbo. Anakwatirana mu 1963. Nyimbo ya Marvin ya chaka chomwecho, "Pride and Joy", inali yotamanda mai Anna. Pa chimbale chake chotchuka kopambana, "What's Going On" cha 1971, nyimbo ziwiri zili ndi dzina la mai Anna pakati pa ozipeka. Analera limodzi mwana mmodzi wamwamuna, Marvin III.

Apa pali chinthu chimene munthu wa kwathu sangavutike kuchimva. Marvin anali ngati mkamwini. Munda umene ankalima unali wa kuchikazi, nkhokwe inali ya mlamu wake, ndipo aliyense amene ankamulipira, kumujambula mawu kapena kumutumiza kokaimba anali wa banja la mkazi wake kapena wantchito wa banjalo. Mkamwini akayambana ndi mkazi wake, sayambana ndi munthu mmodzi. Amayambana ndi mudzi.

Ndewu zinalipo kuyambira kale, za nsanje ndi zoganizirana, ndipo onse awiri ankanenezana. Mu 1973, pamene Marvin ankajambula chimbale cha "Let's Get It On", anakumana ndi mtsikana wina, Janis Hunter. Mtsikanayo anali ndi zaka 17, Marvin ali pafupi kukwanitsa 34. Izi sizofunika kuzikometsa: anali mwana wa sukulu, ndipo mwamunayo anali pabanja. Anabereka naye ana awiri, mu 1974 ndi mu 1975, ukwati woyamba usanathe. Kumapeto kwa 1975 mai Anna anakasuma ku bwalo kuti ukwati uthe.

Ndalama kulibe

Mlandu unatenga nthawi chifukwa cha chinthu chimodzi: munthu amene dziko lonse linkamuyesa wolemera analibe ndalama m'thumba. Zimbale zake zinkagulidwa mamiliyoni, koma ndalama zinkathera pa magalimoto, nyumba, abwenzi ndi mankhwala ozunguza bongo. Msonkho wa boma sankalipira bwino. Bwalo litalamula kuti azipereka ndalama ya mwezi ndi mwezi yothandizira mkazi ndi mwana, ankalephera.

Tsono loya wake, Curtis Shaw, anabwera ndi nzeru. Kuti muimvetse, kumbukirani m'mene makampani a fodya amachitira ndi alimi a ku Angónia ndi Macanga. Kampani imakupatsani mbewu ndi feteleza mvula isanagwe, ndipo pogula fodya imayamba yadula ngongole yake. Makampani a nyimbo amachitanso chimodzimodzi. Woimba amalandira ndalama yoyambira chimbale chisanatuluke, kenako amalandira kagawo kake pa chimbale chilichonse chimene chagulidwa. Loyayo anati: Marvin alibe chuma choti n'kugawa, koma ali ndi mawu. Munda wake wa chaka chamawa aupereke. Anagwirizana kuti mai Anna alandire madola 600,000: gawo loyamba lochokera pa ndalama yoyambira ya chimbale chotsatira, ndi gawo lachiwiri lochokera pa malonda ake. Ukwati unatha mu 1977.

Marvin mwini anadzaulula pambuyo pake kuti poyamba ankafuna kuchita zaulesi. Bwanji atuluke thukuta pa munda umene akolole ndi wina? Ankati angojambula chilichonse msangamsanga, apereke, athane nazo. Koma atalowa m'nyumba yake yojambulira mawu ku Hollywood, mtima unamugwira. Zaka 14 za ukwati zinayamba kutuluka pakamwa. Nyimbo zambiri sanazilembe papepala. Ankaima pa maikolofoni, oimba zida n'kuyamba, iye n'kumangolankhula ndi kung'ung'udza mpaka mawu atakhazikika. Kenako ankajambula mawu ake kachiwiri, kachitatu, pamwamba pa oyamba aja, kotero kuti womvera amamva ngati amuna atatu kapena anayi akuthandizana kudandaula, koma onsewo ndi munthu mmodzi: wina akulira, wina akunyoza, wina akupempha.

Dzina la chimbalecho ndi "Here, My Dear". M'chinenero chathu tingati: Kwaya, wokondedwa. Ndi mawu a munthu amene akupereka chinthu ndi dzanja limodzi nkhope atayang'ana kumbali.

Zimene anaimba

Si chimbale chimodzi koma ziwiri m'chikuto chimodzi, nyimbo zopitirira ola lathunthu, ndipo pafupifupi zonse ndi za mkazi mmodzi. Dzina lake sanalibise. Nyimbo ina anaitcha "Anna's Song", ndipo m'menemo amafuula dzina la mai Anna mwa njira yoti munthu sungadziwe ngati akuwaitana kapena akuwatemberera. M'nyimbo yoyamba amawaneneza kuti akugwiritsa ntchito mwana pofuna kumulanga. M'nyimbo ina amadandaula za ndalama za maloya ndi za woweruza. Ina imafotokoza mkangano umene unachitikira kunyumba kwa mchemwali wa mai Anna, ndipo mwini nyumbayo amatchulidwa dzina. Nyimbo yofunsa kuti chikondi chinatha liti imabwera katatu konse pa chimbalecho, ngati munthu woledzera amene wabwereranso pa nkhani imene anthu amayesa kuti yatha.

Pachikuto anajambulapo Marvin atavala nsalu ngati mfumu ya ku Roma wakale. Mukatsegula m'kati mumaona dzanja la mwamuna likupereka chimbale ku dzanja la mkazi, pamwamba pa thabwa la masewero a ndalama.

Kunena zoona, si paliponse pamene amadziyeretsa. Pali nyimbo imene amavomera kuti mkwiyo ukumudya ngati matenda. Pali ina imene amaulula za mankhwala ozunguza bongo ndi za akazi a usiku. Pali malo amene amakumbukira masiku abwino ndi mawu ofewa kwambiri moti womvera amaiwala kuti ali pa mlandu. Ichi ndicho chimachititsa kuti chimbalechi chikhale chovuta kuchitaya. Munthu wongotukwana timamutopa naye msanga. Koma uyu amatukwana, kenako n'kulira, kenako n'kudzitsutsa yekha, ndipo aliyense amene ukwati wake unathapo amadziwa kuti mtima umayendadi chomwecho.

Komabe taonani chinthu chimodzi. Kufupi ndi mapeto anaikapo nyimbo yosangalala kuti wapeza chikondi chatsopano. Ndiye kuti pa chimbale cholipirira mkazi woyamba anaimbirapo mkazi wachiwiri. Kumeneko ndiye kuthira tsabola pabala.

Ku mtondo ndi ku chimbale

Kuimba za m'nyumba si chinthu chachilendo kwa ife. Amai athu akhala akuchita zimenezi pa mtondo kuyambira kalekale. Mkazi amene mwamuna wake wathera ndalama za mbatata ku mowa, kapena amene apongozi akumuvutitsa, sapita pabwalo kukalalata. Amatenga munsi, mnzake n'kutenga wina, nyimbo n'kuyamba. Dzina satchula, koma mudzi wonse umadziwa amene akunenedwa. Mwamuna ali pansi pa mtengo amamva, apongozi amamva, ankhoswe amamva. Ndipo palibe amene angamuimbe mlandu, pakuti wangoimba.

Kusiyana kwake ndi uku. Nyimbo ya pa mtondo ndi chida cha munthu wopanda mphamvu, amene pabwalo sapatsidwa mpata wokwanira. Imamveka m'mudzi umene anthu akudziwa mbali zonse ziwiri, ndipo mphale ikayera nyimbo imatha. Wonenedwayo akhoza kuyankha mawa lake. Chimbale n'chosiyana. Amene ali ndi maikolofoni ndiye wamphamvu kale. Omvera ake ali ku London, ku Johannesburg, ku Maputo, anthu amene mai Anna sanawaonepo ndipo sadzamva mbali yawo. Ndiponso chimbale sichitha. Mkwiyo wa 1977 ukumvekabe lero monga momwe unalili tsiku limene unajambulidwa, eni ake onse awiri ali m'manda.

Mai Anna atamva chimbalecho anakwiya, ndipo anaganiza zokasuma kuti awalipire madola 5 miliyoni chifukwa chowaika zam'nyumba pabwalo. Mlanduwo sanaupititse. Taganizani malo amene anaimapo: kuti alandire ndalama zimene bwalo linawapatsa, panafunika kuti anthu ambiri agule nyimbo zowanyoza. Chimbale chikakanika pamsika, ndalama za pa malonda palibe. Chikayenda malonda, manyazi achuluka. Amene anakonza mgwirizano uja sanaganize kuti akupereka chikwanje kwa munthu wolipira.

Msika unakana

Marvin anasunga chimbalecho kwa nthawi yaitali atachimaliza, ngati munthu amene walemba kalata yaukali koma akuopa kuitumiza. Chinatuluka mu Dezembro 1978. Inali nthawi ya disco, anthu akufuna zovina. Chaka cha 1977 Marvin yemweyo anali atawapatsa "Got to Give It Up", nyimbo yovina imene inafika pa nambala 1 ku America. Tsopano anawabweretsera ola lathunthu la madandaulo a m'banja. Olemba nyuzi ambiri anachinyoza, ogula anachizemba, ndipo kampani imene inayenera kuchitsatsa inali ya mlongo wake wa mkazi wonyozedwayo. Sichinapite patali.

Mmodzi mwa ochepa amene anachiikira kumbuyo anali wolemba wina, David Ritz, amene analembera kalata nyuzi ya Los Angeles Times kunena kuti chimbalecho ndi ntchito yaikulu. Marvin anawerenga kalatayo, anamuitana, ndipo anakhala mabwenzi. Ritz ndiye anadzalemba buku la moyo wa Marvin, "Divided Soul", la 1985, m'mene muli zambiri za nkhani ino.

Zaka zitapita anthu anasintha maganizo. Chimbalecho chinatulutsidwanso mu 1994, ndipo mu 2003 magazini ya Rolling Stone inachiika pa mndandanda wa zimbale 500 zopambana. Njira imene Marvin anagwa nayo ena anadzalemera nayo. Mu 1980 gulu la ABBA la ku Sweden linatulutsa "The Winner Takes It All", nyimbo ya kutha kwa chikondi imene mawu ake analemba Björn Ulvaeus koma anaimba ndi Agnetha Fältskog, mkazi amene anali atangolekana naye. Mu 2021 Adele wa ku Britain anatulutsa chimbale "30" ukwati wake utangotha. Iye anati cholinga chake n'chakuti mwana wake akadzakula adzamvetse chifukwa chimene makolo ake analekanirana, ndipo m'nyimbo ina anaikamo mawu enieni a mwanayo akucheza ndi mai ake. Chimbale chimenecho chinagulidwa kuposa china chilichonse chaka chimenecho. Adele sanatukwane bambo wa mwana wake, chala anadzilozera yekha. Koma funso lija silinachoke: mwana amene mawu ake anamveka dziko lonse, anafunsidwa ali ndi nzeru zotha kukana?

Za Marvin zinathera pachisoni. Anakwatira Janis mu Outubro 1977, koma ukwati umenewonso sunakhalitse. Ngongole za msonkho zinamuthamangitsa ku America, anakakhala ku Hawaii, ku London, kenako mu 1981 ku Ostend, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Belgium. Kumeneko ndi kumene kunabadwira "Sexual Healing" ya 1982, atachoka ku Motown, ndipo inamupatsa mphoto za Grammy mu 1983. M'zaka zomalizazi iye ndi mai Anna anayambanso kulankhulana ngati abwenzi. Pa 1 Abril 1984, kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 45, anayambana ndi bambo ake kunyumba ku Los Angeles, ndipo bambo akewo anamuwombera ndi mfuti. Anamwalira asanamalize kulipira ndalama za mlandu uja.

Mai Anna anakhala ndi moyo zaka zina 30. Anamwalira pa 31 Janeiro 2014 ku Los Angeles ali ndi zaka 92. Kupeka nyimbo ankadziwa, ndipo mlongo wawo ndiye anayambitsa Motown, koma chimbale choyankha sanatulutse.