Kulongedza Galimoto Paulendo Wokagona M'tenti ndi Ana

Sukulu zikatsekera, mabanja ena a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu amaganiza zotenga ana awo kukaona nyanja kapena mapiri. Popeza zipinda za m'mahotela zimadya ndalama zambiri, ena amasankha kukagona m'tenti pa malo okonzedwera ntchito imeneyi, monga ku Senga Bay m'boma la Salima, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, pa phiri la Zomba, kapena ku Chelinda pa Nyika. Ulendo wotere umakoma poupangana madzulo. Mavuto amayamba m'maŵa wa tsiku lonyamuka, pamene katundu waunjikidwa pakhonde, buti ya galimoto yatsekulidwa, ndipo aliyense akuona ndi maso ake kuti muluwo wakula kuposa malo.

Chodabwitsa nchakuti wamng'ono pa onse ndiye mwini katundu wambiri. Munthu wamkulu akakhala ndi zovala ziŵiri, bulangete ndi mswachi, ulendo wake wakwana. Koma khanda lifuna matewera, beseni losambira, zovala zosintha kangapo pa tsiku, ufa wa phala, kapoto kake ndi neti yake. Pamwamba pa izi, mipando ya ana imene imamangidwa ndi lamba imatenga pafupifupi mpando wonse wa kumbuyo, kotero kuti malo amene kale pankakhala zikwama tsopano ali ndi eni ake.

Nanga banja lingatani? Choyamba nkudziŵa kuti galimoto ili ndi malire aŵiri: malire a malo, ndi malire a kulemera. Ambiri amaona oyambawo nkuiŵala achiŵiri, pamene achiŵiriwo ndiwo amapha.

Malo a m'buti amayezedwa m'malita. Galimoto zazing'ono zonga Toyota Vitz zili ndi buti yosapitirira malita 300, pamene ya galimoto yonga Toyota Corolla imapitirira malita 400. Kulemera kumene galimoto iloledwa kunyamula kumalembedwa m'buku lake, ndipo m'galimoto zambiri zazing'ono kumakhala pakati pa makilogalamu 400 ndi 500. Muyeso umenewu umaŵerengera anthu omwe, osati katundu yekha ayi.

Mwachitsanzo, galimoto ingakhale yololedwa kunyamula makilogalamu 450. Bambo akakhala wa makilogalamu 75, mayi wa 65, ana aŵiri pamodzi 35, ndipo mipando yawo 15, ndiye kuti makilogalamu 190 atha chikwama chisanaloŵe ndi chimodzi chomwe. Otsala ndi 260. Agogo kapena mlezi wa makilogalamu 60 akakwera nawo, patsala 200. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho zigubu ziŵiri za malita 20 zidya makilogalamu 40. Tsono pakabwera tenti, matiresi, mapoto, mbaula ndi chakudya, malire aja afika msanga.

Galimoto yolemedwa imaoneka ndi kaimidwe kake. Kumbuyo kumatsika, kutsogolo kumakwera, ndipo usiku nyali zimaunika m'maso mwa oyendetsa anzake m'malo mounika msewu. Matayala amatentha, mabuleki amachedwa kugwira, ndipo pansi pa galimoto pamagunda miyala. Pa msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti kuchokera ku Dedza, kapena pa zitunda za Chiŵeta, mabuleki a galimoto yolemedwa amapsa mosavuta ngati woyendetsa sakutsika ndi giya yaing'ono. Nchifukwa chake mpweya wa m'matayala uyenera kuwonjezedwa molingana ndi muyeso wa galimoto yodzaza, umene umalembedwa pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko kapena m'buku lija.

Chachiŵiri nkusankha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Katundu amachepa msanga banja likafunsa funso limodzi pa chinthu chilichonse: kodi chimenechi sichipezeka kumene tikupitako? Wopita ku Senga Bay alibe chifukwa chosenzera tomato, mpunga ndi ndiwo za masiku atatu kuchokera ku Lilongwe, pakuti msika wa Salima uli panjira, ndipo nsomba zili kunyanjako. Wopita ku Cape Maclear, kumene kuli Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, angagule zofunika ku Mangochi kapena ku Monkey Bay. Kunyanja kumafunda, kotero nsalu yopepuka imakwanira pa malo a mabulangete olemera.

Ku Nyika nkhani ndi ina. Paki imeneyi, imene inakhazikitsidwa mu 1965, ili pamwamba kuposa mamita 2,000, ndipo m'miyezi ya June ndi July usiku kumagwa chisanu. Kuchokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda pali makilomita opitirira 100, ndipo kumtundako kulibe msika. Chakudya ndi mafuta a galimoto ziyenera kukwaniritsidwa ku Mzuzu kapena ku Rumphi, ndipo mabulangete a ana sangasiyidwe. Banja la galimoto yaing'ono lichita bwino kuyamba ndi ulendo wa kunyanja, Nyika nkudikira ana akule.

Zilipo zinthu zimene sizisiyidwa ngakhale malo atachepa chotani: neti yoteteza ku udzudzu, pakuti malungo ndi ochuluka m'mbali mwa nyanja, madzi abwino akumwa, mankhwala otsitsa kutentha kwa thupi, mapaketi a Thanzi othandiza mwana akatsegula m'mimba, tochi, ndiponso tayala lapadera, jeke ndi sipanala. Mipando yopinda, tebulo ndi zidole zikuluzikulu zingatsale. Mkeka umagwira ntchito ya mpando ndi tebulo, ndipo mwana akapeza mchenga amaiŵala zidole zonse.

Chachitatu ndi kalongedzedwe. Masutikesi olimba amasiya mipata imene singadzazidwe, pamene zikwama zofeŵa zimaloŵa paliponse. Zinthu zamphako zisayende zopanda kanthu: m'beseni la mwana muloŵe mapoto, m'mapoto muloŵe mbale ndi makapu, m'ndowa muloŵe ndiwo. Zolemera zikhale pansi, zotsamira ku mpando wa kumbuyo, kuti kulemera kukhale pakati pa matayala. Zopepuka zikhale pamwamba. Tenti iloŵe pomalizira, chifukwa ndiyo iyenera kutuluka poyamba, makamaka banja likafika dzuŵa litapendeka, ana akulira ndi njala. Kachikwama ka matewera, madzi ndi kamba wa panjira kakhale ku miyendo ya mayi. Nkwanzeru kuyesa kulongedza dzulo lake, osati m'bandakucha wa tsiku la ulendo.

Katundu asapitirire msinkhu wa mpando wa kumbuyo pokhapokha atamangidwa. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, poto kapena botolo limene lili kumbuyo kwa mitu ya ana limauluka ngati mwala wa legeni. Momwemonso, kunyamula mwana pamiyendo pofuna kuti pamalo pake pakhale thumba ndi kugula malo ndi moyo wa mwana. Pa ngozi, palibe mikono ya mayi imene ingamugwire. Silinda ya gasi iime chilili ndi kumangidwa, ndipo chigubu cha petulo chisakhale m'mene muli anthu.

Ngati malo akadali ochepa, denga lingathandize. Kaliyala wa padenga ndi woyenera zinthu zikuluzikulu koma zopepuka, monga matiresi, mikeka ndi mabulangete, zokutidwa ndi lona ndi kumangidwa ndi zingwe zolimba. Madenga a galimoto zambiri amaloledwa makilogalamu apakati pa 50 ndi 100, kuphatikizapo kaliyala yemweyo. Zigubu za madzi padenga zimapendamitsa galimoto pokhota. Katundu wa padenga amawonjezeranso mafuta amene galimoto imamwa, ndipo zingwe ziyenera kuonedwanso pambuyo pa makilomita oŵerengeka, pakuti zimamasuka ndi mabampu.

Ena amabwereka ngolo yokoka, imene imafuna kuti nyali zake ziziyaka ndiponso kuti woyendetsa achepetse liŵiro. Ena amabwereka pikapu; kumbuyo kwake ndi kwa katundu, osati kwa ana. Njira ina yosafuna ndalama ndiyo kuyenda mabanja aŵiri pamodzi. Mbaula imodzi, mapoto amodzi ndi lona imodzi zimakwanira onse, ndipo galimoto ina ikawonongeka panjira, inzake ilipo. Mutu umodzi susenza denga.

Pobwerera, nkwabwino kuona zimene zayenda ulendo wonse osagwiritsidwa ntchito, ndi kuzilemba pa pepala kuti chaka chamaŵa zidzatsale. Poto woiŵalika angabwerekedwe kwa ogona pafupi, ndipo malaya akuda angachapidwe nkuuma tsiku lomwelo. Chimene sichingabwerekedwe ndi malo a mwana pa mpando wake, atamangidwa lamba. Malo amenewo ayenera kupatulidwa poyamba, katundu nkuloŵa m'malo otsalawo.