Kumasula Tayala la Galimoto Popanda Makina

Aphunzitsi ndi ana inu, lero tiphunzira za nchito imene imatopetsa amuna amphamvu, koma imapepuka kwa munthu woganiza. Tayala likabooka kumudzi, kutali ndi galaji, wokonza sangafike m'kati mwake kufikira mlomo wa tayalalo utalekana ndi limu.

Kodi mlomowo umakakamira cifukwa ninji? M'kati mwake muli mawaya acitsulo amene satamuka. Mpweya umaukankhira m'mphepete mwa limu, ndipo dzimbiri ndi dothi zimaumatirira pomwepo. Koma pakati pa limu pali ngalande yozungulira. Colinga cathu ndi kutsitsira mlomo m'ngalandemo, pakuti m'menemo tayala limamasuka.

Poyamba gonekani gudumu pansi polimba. Cotsani kamtima ka valuvu kuti mpweya wonse utuluke. Kenaka thirani madzi a sopo pamene mphira yakumana ndi citsulo. Musathire oilo kapena petulo, cifukwa zimaononga mphira.

Njira yoyamba ndiyo ya mtengo. Tengani mtengo wolimba wotalika mamita 2, mulowetse nsonga yake pansi pa muzu waukulu. Imikani kacipika pa mphira, pafupi kwenikweni ndi limu, pa mtunda wa masentimita 25 kucokera kumuzu, ndipo mtengowo utsamire pa kacipikako. Tsopano kanikizani nsonga inayo. Werengani nane: masentimita 25 amalowa kasanu ndi katatu m'mamita 2. Motero munthu wolemera makilogalamu 60 amapanikiza tayala ngati katundu wa makilogalamu 480.

Njira yaciwiri ndiyo ya jeke. Lowetsani gudumu pansi pa galimoto imene yaima pa magudumu ake onse, mutamanga buleki ndi kuchinga magudumuwo ndi miyala. Phazi la jeke likhale pa mphira, mutu wake ugwire citsulo colimba ca galimoto. Mukamakweza pang'onopang'ono, kulemera kwa galimoto kumatsitsa mlomo. Ukakana, tsitsani jeke, muzungulitse gudumu, muyese pena. Mukatha mbali imodzi, tembenuzani gudumu.

Cenjerani ndi zinthu zitatu. Musapanikize pafupi ndi valuvu, pakuti magalimoto ambiri atsopano ali ndi kacipangizo koyeza mpweya pamenepo. Musalowetse zala pakati pa mphira ndi limu. Ndipo magudumu a malole okhala ndi mphete yacitsulo yocotseka muwasiyire amisiri. Mpheteyo ikafwamphuka imatha kupha munthu.

Ana inu, nchitoyi ndi ya akuluakulu. Yanu ndi kuonerera muli capatali ndi kuwathandiza ndi masamu. Aphunzitsi, apatseni ana rula ndi kabulunga ka dongo. Nsonga ya rula ilowe pansi pa mulu wa mabuku, dongo likhale pansi pa rulayo. Asunthe dongolo, aone pamene likuphwanyika mosavuta, ndipo afotokoze cifukwa cake.