Bowa wozunguza bongo walowa m'chipatala ku Australia

Kuyambira pa 1 July 2023, madokotala ena a matenda a maganizo ku Australia ali ndi chilolezo chopatsa odwala psilocybin, mankhwala opezeka mu bowa wozunguza bongo. Amawapereka kwa okhawo amene matenda ovutika maganizo awakanirira, oti mapiritsi ena alephera.

Bowa wake si utale wa ndiwo uja ayi. Amazatec a ku Oaxaca ku Mexico akhala akumugwiritsa ntchito pa miyambo yochiritsa kuyambira kalekale. Mzungu wina, Gordon Wasson, atadya bowayu kwa sing'anga María Sabina, analemba nkhani m'magazini ya Life mu 1957, ndipo achinyamata a kunja anakhamukira kumeneko. Pangano la United Nations la 1971 linaika psilocybin m'gulu la mankhwala oletsedwa kwambiri, kafukufuku n'kuzilala kwa zaka zambiri.

Lero wayambiranso, ndipo zotsatira zake zikupatsa chiyembekezo, koma si zoimbira nthungululu. Pa kafukufuku wa kampani ya COMPASS Pathways wa 2022, wa anthu 233, odwala 29 pa 100 alionse amene anamwa mamiligalamu 25 anali atapeza bwino patatha masabata atatu. Mwa amene anangolawa miligalamu imodzi, anali 8 okha. Pofika sabata ya 12 kusiyanako kunali kutachepa, ndipo ena anali ndi maganizo ofuna kudzipha. Ku Imperial College London mu 2021, psilocybin sanapose kwenikweni mapiritsi odziwika a escitalopram pa muyeso waukulu wa kafukufukuyo. Palinso vuto lina: pofufuza mankhwala, wodwala sayenera kudziwa chimene wamwa. Nanga munthu amene akuona makoma akupuma ungamubisire bwanji?

Mwa ine ndekha, Australia yathamanga pang'ono. Komabe amene wakhala zaka khumi asakuona kukoma kwa moyo, kumuuza kuti adikire n'kovuta.

Chimene ambiri saganizira ndi mmene chithandizochi chimachitikira. Wodwala amakonzekeretsedwa kaye, kenako amagona m'chipinda ataphimbidwa m'maso, nyimbo zili m'makutu, kwa maola sikisi kapena eyiti, akatswiri awiri ali pambali pake. Masiku otsatira amakambirana zimene anaona. Amene kumtundu kwawo kuli matenda a misala saloledwa n'komwe. Kukathyola bowa wosadziwika kuthengo si chithandizo chimenechi, ndipo wina amapha.

Ndalama zikuthera pa maola a akatswiriwo. Ku Australia mtengo wake ukufika madola masauzande ambiri, moti odwala ambiri amene lamuloli linawaganizira sangakwanitse.