Si chifuwa chilichonse chomwe ndi TB

Nyengo yolima kudimba ikafika, alimi ambiri a ku Golomoti m'boma la Dedza amapala zitosi m'makola a nkhuku ndi nkhunda kuti akathire mbewu zawo. Ena amakwera kudenga la tchalitchi kapena sukulu kukasesa zitosi za mileme, fumbi lili koboo.

M'dothi losakanikirana ndi zitosi zotere mumatha kumera tizilombo ta m'gulu la chuku, tomwe timayambitsa matenda otchedwa histoplasmosis. Dokotala wa ku America, Samuel Darling, ndiye adayamba kulemba za matendawa mu 1906 ali ku Panama.

Munthu amawatenga popuma fumbilo, koma sangapatsire mnzake. Ambiri sadwala n'komwe, kapena amangomva ngati chimfine n'kuchira okha. Vuto limakula kwa omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chidatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV. Tizilomboti timachoka m'mapapo n'kufalikira thupi lonse, mpaka kutulutsa zotupa ndi zilonda pakhungu ngakhalenso m'kamwa.

Chosautsa n'chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi za TB: kukhosomola kosalekeza, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda. Wodwala atha kumwa mankhwala a TB kwa miyezi osaona kusintha, abale n'kuyamba kuloza zala anthu osalakwa kuti amulodza. Zilonda zikatuluka, ena amathamangira kunena kuti ndi khate, poti dera lino limakumbukabe malo osamalirako odwala khate omwe adali ku Mua.

Mu 2022, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidaika tizilomboti pamndandanda wa mitundu 19 ya chuku yofunika kuthana nayo mwachangu.

Matendawa ndi ochizika. Wodwalitsa amayamba ndi amphotericin B wa mudiripi, kenaka amamwa itraconazole kwa pafupifupi chaka chathunthu. Akachedwa kulandira thandizo, moyo utha kutayika.

Choncho amene sakupeza bwino ngakhale akumwa mankhwala a TB asawasiye yekha. Abwerere kuchipatala, kaya ku Mua kapena cha boma ku Dedza, akaonetse zilondazo ndi kufotokoza ngati adagwirapo ntchito pamalo a zitosi.

Posesa m'khola kapena kudenga, ndi bwino kuyamba mwawaza madzi kuti fumbi lisabuke, ndi kutseka mphuno ndi pakamwa. Amene thupi lawo ndi lofooka, ntchito imeneyi aisiyire ena.